Kaseti Imene Bambo Ake Anadula

3 Juni

Amake mwana,

Ndikhulupirira kuti kalata ino ikupezani mutu utasiya kuwawa. Ine ndili bwino, kungoti miyendo yatopa ndi masitepe a chipatala chachikulu chino. Ndikulemba nditakhala pabenchi, panja pa chipinda cha ana obadwa masiku asanakwane. Dalaivala wa ambulansi wandipatsa theka la ola asananyamuke kubwerera kwanuko. Akuti amayenda Lachiwiri ndi Lachisanu, ndipo makalata athu azitinyamulira bola tisamamuchedwetse.

Mwana wathu ali moyo. Ndikudziwa kuti maso anu adumpha mizere yonse kufunafuna mawu amenewo, ndiye ndi amenewo.

Inu munangomuona kamphindi asanamutenge, choncho lekani ndikufotokozereni. Amuika m'bokosi lagalasi lofunda, lokhala ndi mabowo awiri m'mbali olowetsapo manja. Akulemera kilogalamu imodzi ndi magalamu mazana awiri. Phazi lake n'lofanana ndi chala changa chachikulu. Pamphuno pali kapaipi ka mpweya, pakamwa pali kena kodutsa mkaka. Pachifuwa amumata timawaya titatu topita ku makina oonetsa kugunda kwa mtima. Nambala yake imasewera pakati pa 145 ndi 160. Nditaiona koyamba ndinathamangira namwino, poganiza kuti mtima ukufuna kuphulika. Anandiseka. Akuti mtima wa ana otere umathamanga choncho, waulesi ndi wanu ndi wanga. Namwinoyu ndi mayi wachikulire wa magalasi olendewera pamphuno, ndipo azibambo tonse a pabenchi pano timangowatcha Amagalasi. Iwo atamva ntchito yanga yokonza mawailesi akunditcha bambo a wailesi.

Vuto langa mukulidziwa. Pothamanga tsiku lija ndinanyamula chikwama cha zipangizo za kuntchito m'malo mwa cha zovala. Ndili kuno ndi malaya amodzi, masukuludalaivala asanu, mita yoyezera magetsi ndi karekoda kaja. Koma mwina kulakwitsako kuli ndi phindu. Amagalasi akuti mwana amayamba kumva akadali m'mimba, ndipo mawu amene amawadziwa ndi a mayi ake. Andilola kumuikira mawu anu kawiri patsiku, motsitsa, kwa kanthawi kochepa. Ndakutumizirani karekodako ndi kaseti yatsopano. Dinani mabatani awiri pamodzi, lofiira ndi loyandikana nalo, kenako mulankhule kapena muimbe. Musayandikize pakamwa kwambiri, mawu amaphulika.

Mundiuze za bipi yanu. Mumvere adokotala, musadzuke chifukwa cha ife.

Ine mwamuna wanu.

5 Juni

Bambo a mwana,

Moni kuchokera pabedi lachinayi, pomwe ndasanduka mkaidi. Kalata yanu ndaiwerenga mpaka yang'ambika popinda. Bipi ikadali pamwamba, miyendo ikadali yotupa, ndipo adokotala akuti ulendo wa maola anayi pamsewu wa maenje ukhoza kundikomolanso ngati tsiku lija. Ndawapempha, ndalira, ndawakwiyira. Sakusuntha.

Kaseti ndajambula, ndikuibweza ndi karekoda komwe, musandiseke. Ndinayesa kuimba koma zinakanika, ndiye ndangolankhula naye. Ndamuuza kuti ndine ndani, kuti nyumba yathu ili ndi chitseko cholira, kuti bambo ake amacheza ndi mawailesi akufa. Pakati penapake ndinatsokomola, ngolo ya mankhwala inadutsa matayala akulira, ndipo mayi wa bedi loyandikana nane analowerera kufunsa ngati mwanayo adzayankha pa kaseti yomweyo. Ndinafuna kufufuta koma batani lake sindikulidziwa.

Mkaka ndikufinya monga andiphunzitsira. Akuusunga mufiriji, dalaivala abweretsa m'bokosi la ayezi. Ndi wochepa, ndikuchita nawo manyazi.

Tsopano mverani. Mukamuikira mawuwo mundiuze zonse, ngati watukula dzanja, ngati wakwinya nkhope, ngati nambala yanu ija yachita chilichonse. Maso anga ndinu. Musandibisire kanthu poganiza kuti mukundisamala. Zimene ndimaganiza ndekha pabedi pano n'zoopsa kuposa chilichonse mungalembe.

Malaya amodziwo muzichapa.

Ine mkazi wanu.

10 Juni

Alamu,

Moni kusukuluko. Ndikudziwa kuti muli pakati pa mayeso a ana, mundikhululukire. Ine amene mumanditcha mlamu wa mabatire otha, lero nthabwala ndilibe. Ndikulembera inu chifukwa ndinu mphunzitsi wa sayansi, ndiponso ndinu mkulu wake wa mkazi wanga. Ndikufuna munthu woti andiuze ngati ndikuona bwino. Koma mng'ono wanuyo asamve.

Ndikuganiza kuti mwana wathu wagontha.

Lekani ndifotokoze mwadongosolo. Mng'ono wanu anajambula mawu ake pa kaseti kuti ndizimuikira mwana, popeza adokotala sakumulola kubwera kuno. Nditaimvera ndinapeza kuti ili ndi phokoso lambiri: kutsokomola, matayala, anthu olowerera. Pantchito yanga, ukafuna kuyesa chinthu umachipatsa mawu oyera, amodzimodzi, pa mphamvu imodzimodzi, kuti ukaona kusintha udziwe kuti chasintha ndi chinthucho, osati choyesera chako. Ndiye ndinafufuza malo oyera kwambiri, masekondi khumi pomwe akunena kuti, “Mwanawe, ndine mayi ako, ndili pompano.” Ndinadula ndi lezala, n'kulumikiza nsonga ziwirizo ndi selotepi kuti tepiyo izingozungulira osatha. Yotsalayo ndinaikulunga n'kuisunga m'chikwama.

Lachisanu masana ndinamuikira koyamba. Pali makina oonetsa kugunda kwa mtima wake, ndipo nambala inali 152. Mawu atangoyamba inatsika: 148, 143, 138. Ndinazimitsa msanga. Namwino wamkulu, amene timawatcha Amagalasi, anabwera, anayang'ana, n'kunena kuti, “Wamva ameneyo, watchera khutu. Ena mtima umakwera, ena umatsika, bola ubwerere.” Unabwereradi. Alamu, ndinatuluka n'kukalira kuseri kwa thanki ya madzi.

Apa m'pamene ndinalakwa. Anandilola kawiri patsiku, koma ine ndinkafuna kuonanso. Amagalasi akangolowa chipinda china ndinkayatsa, n'kulemba m'kabuku kanga ka kuntchito. Loweruka ndinayatsa kakhumi ndi kawiri. Poyamba inatsika ndi 11, kenako 8, kenako 5, kenako 3. Lamlungu m'mawa 4, kenako 1. Kuyambira Lamlungu masana mpaka lero, palibe. Mawu a mayi ake akumveka pambali pa khutu lake, nambala ili chiimire ngati ndikuikira khoma.

Singano ya mita ukaigunditsa pa waya wamoyo imagwedezeka. Ikangoti phee, wayayo waduka mkati. Ndipo kuchepa pang'onopang'ono kotereku ndimakuona pa sipika imene ikupsa.

Bambo wina wa pabenchi pano wandiuza kuti jakisoni amene amabaya ana otere pofuna kupha tizilombo amatha kuononga makutu. Wathu anabayidwa masiku asanu. Kapenanso ndamugonthetsa ndine ndi karekoda kanga. Sindingafunse Amagalasi popanda kuwaonetsa kabukuka, ndipo akakaona adziwa kuti sindinawamvere. Akandichotsa m'chipindamo, mwanayu atsala wopanda wake ndi mmodzi yemwe.

Dzulo anaiwalanso kupuma. Makina analira, anamusisita phazi mpaka anakumbukira. Akuti ana otere amatero. Ine sindikuzolowera.

Mng'ono wanu ndamulembera mizere yochepa chabe. Bipi yake singapirire nkhani iyi. Chonde yankhani msanga pa adiresi ya chipatala, mulembepo kuti chipinda cha ana osakwana masiku.

Ine mlamu wanu.

10 Juni

Amake mwana,

Moni. Ndikhulupirira mukupezako bwino. Mkaka unafika. Kaseti inafika. Mwana ali bwino, wawonjezera magalamu makumi atatu. Mankhwala muzimwa. Dalaivala akuliza hutala, ndilekeze pomwepa.

Ine mwamuna wanu.

12 Juni

Bambo a mwana,

Kalata yanu ndailandira, ngati tingaitche kalata. Inu amene tsiku lodzandifunsira munandifotokozera kwa ola lathunthu chifukwa chake batire silifuna dzuwa? Inu amene simungagule machesi osawafotokoza? Lachisanu munangotuma dalaivala kuti zili bwino. Lachiwiri mwalemba ngati telegalamu. Za kaseti mwangoti inafika. Ine ndinakufunsani ngati inafika?

Mayi wa bedi loyandikana nane uja watuluka dzulo. Mwana wakenso anatengedwa kupita kumeneko, masiku awiri wathu asanabadwe. Kwa masiku anayi abale ake ankamuuza kuti ali bwino, ali bwino, pamene anali ataika kale. Ankadikira kuti ayambe wachira. Anadziwira pa nsapato za mwamuna wake, zinali ndi dothi la kumanda.

Ndiye ndikufunsani mosazungulira, ndipo muyankhe ndi dzanja lanu mawa lomwe dalaivala asanabwerere. Kodi mwana wanga ali moyo? Ngati ali moyo, anatani atamva mawu anga? Mumakonda manambala. Lembani nambala.

Mkaka ndatumiza. Ndikufinya osadziwa ngati kuli woumwa.

Ine mkazi wanu.

14 Juni

Akulu,

Moni kusukuluko. Ndikudziwa kuti munati mubwera mayeso akatha, koma ndilibe wina woti ndimuuze.

Ambulansi yabwerako dzulo yopanda kalata. Dalaivala akuti alamu anu sanatsike kudzalandira mkaka, analandira ndi namwino. Nditamupanikiza anavomera kuti anawaona patali atakhala pamasitepe, mutu uli m'manja, ndipo atawaitana analowa mkati ngati sanamve. Dalaivalayo saloledwa kulowa m'chipinda cha ana, ndiye sakudziwa kanthu. Kapena nayenso amuuza kuti asadziwe.

Akulu, mwamuna amathawa kalata ya mkazi wake chifukwa chiyani? Anamwino a kuno akuti anaimba foni ndipo anauzidwa kuti mwana alipo. Koma mnzanga wa bedi loyandikana nane ankamuuzanso chomwecho, wake atamwalira kale.

Ndaganiza. Lachiwiri ndidikira. Ikabwera yopanda kanthu, Lachitatu m'mawa ndivala, ndisaina pepala lawo loti ndatuluka mwa kufuna kwanga, ndikwera basi. Adokotala akuti ndikhoza kukomoka panjira. Ndikomoke. Ngati anamuika, akandionetse pamene anamuika. Ngati ali moyo ndikufuna ndimuone, poti tsiku lija ndinangoona kaphazi kotuluka m'nsalu.

Sindikupempha chilolezo. Ndikungofuna wina adziwe kumene ndalowera.

Ine mng'ono wanu.

15 Juni

Alamu,

Moni kuchipatalako. Kalata yanu ya pa 10 yafika dzulo, positi ya kuno mukuidziwa. Khalani pansi, pumani, ndipo muwerenge mpaka kumapeto musanayambe kutsutsa.

Chaka chilichonse ndimatola nkhono kuseri kwa labotale n'kuiika patebulo pamaso pa ana. Ikatulutsa nyanga ndimagogoda tebulo ndi pensulo. Imazibweza msangamsanga. Ikatulutsanso ndimagogodanso chimodzimodzi. Kachitatu imabweza pang'ono. Pofika kakhumi siisamalanso. Pamenepo ana amakuwa kuti, “Madamu, mwaipha!” Ndiye ndimaiuzira mpweya pang'ono, chinthu chimene sinachimvepo, ndipo nyanga zija zimalowa ngati poyamba. Sinafe, ndipo sinatope. Yaphunzira kuti kugogodako si nkhani.

Chamoyo chilichonse chokhala ndi mitsempha chimatero. Chikamva chachilendo chimatchera khutu, ndipo thupi limaonetsa: kupuma kumaima kaye, mtima umasintha liwiro. Chinthu chomwecho chikabwerezedwa osasintha, ubongo umachifananiza ndi chimene unamva kale, n'kuti, ichi ndikuchidziwa, ndisavutike nacho. Taonani bwino apa. Kuti unene kuti ndikuchidziwa, uyenera kuchimva kaye, ndiponso kuchikumbukira. Ndinawerengapo kuti ngakhale ana obadwa masiku asanakwane amatha kutero, ndi kuti madokotala sadandaula akaziona.

Komatu inu simukusowa nkhono. Ndinakhalapo m'shopu mwanu. Mawailesi asanu ndi atatu ankalira nthawi imodzi, ine mutu ukuzungulira, inu mukudya nthochi ngati muli nokha m'chipululu. Koma imodzi itangoyamba kuthetheka munadumpha. Kodi munali wogontha?

Mita yanu siphunzira, alamu. Muigunditse pa waya kambirimbiri, iyankha chimodzimodzi, chifukwa ilibe chokumbukirira. Inu mwatenga mwana n'kumuyesa ngati waya. Mwamupatsa masekondi khumi omwewo, pa mphamvu yomweyo, mbali yomweyo, maulendo osawerengeka. Manambala anuwo akutsetsereka bwinobwino ngati amene ndimajambula pabolodi ndikamaphunzitsa za nkhono.

Koma ndisakunamizeni. Ine si dokotala, ndipo mwanayo sindinamuone. Za jakisoni uja n'zoona kuti nthawi zina amavulaza makutu, n'chifukwa chake amamupima mosamala asanabaye. Sindingalumbire kuti mwana akumva. Ndikungonena kuti kabuku kanu sikakuonetsa kuti wagontha.

Kawaonetseni Amagalasi anuwo kabukuko. Akukalipirani, ndipo mukuyenera kukalipiridwa, chifukwa mwana wotere amakula ali m'tulo ndipo inu mwakhala mukumudzutsa. Koma namwino amene waona azibambo ambiri amantha sathamangitsa munthu chifukwa chokonda mwana mopusa. Muwapemphe kuti muyese mawu ena, iwo ali pomwepo. Osayesanso nokha.

Ndipo mng'ono wanga mumulembere zoona. Ndinamulera ndine, ndikumudziwa. Nkhani yoipa amaimeza. Chimene sapirira ndi chete.

Ine mlamu wanu, amene sanasiye kukutchani wa mabatire otha.

18 Juni

Alamu,

Sindikudziwa ngati kalata yanga ya Lamlungu yakufikani. Ino ibwera ndi ambulansi Lachisanu ngati aikonza, poti dzulo sinayende, akuti yathyoka chitsulo cha pansi. Ndili kuchipatala chaching'ono, pambali pa bedi la mkazi wanu. Mayeso ndasiyira anzanga.

Dzulo ndinalandira kalata yake yonena kuti lero akwera basi, chifukwa akukhulupirira kuti mwana anamwalira ndipo inu mukubisa. Ndinakwera galimoto yoyamba. Ndinamupeza pageti, atavala, chikwama chili m'manja. Nsapato sizinalowe chifukwa cha kutupa, anazipondera kumbuyo. Anali atatsamira chipilala, akuti maso akuona tinyenyezi. Mlonda ankamuchedwetsa ndi mafunso opanda mutu, Mulungu amudalitse bamboyo.

Ndinamuuza kuti mwana ali moyo. Anati, “Nanunso akuuzani kuti muzitero.” Ndinalumbira. Anati, “Malumbiro ndamva ambiri m'wodi muja.” Basi inali itaonekera pakona. Ndiye ndinatsegula chikwama n'kumupatsa kalata yanu ija munati asamve. Chinsinsi chanu ndaulula, ndipo sindipepesa.

Anawerenga ataimirira. Anayang'ana tsiku, n'kuona kuti ndi lomwe lija munamulembera timizere tija. Atafika pamene munalemba kuti mwana wagontha, anakhala pansi pafumbi n'kuyamba kuseka, misozi ili chuchuchu. Anthu anaima kumuyang'ana. Ankangoti, “Wagontha! Akulu, wagontha! Munthu wakufa sagontha!” Basi inaima, kondakitala anaitana, inapita.

Tamubweza pabedi. Bipi inali 190, ndipo adokotala anandiyang'ana ngati ndine ndinamutulutsa. Amubaya, pano wagona. Akuti tidikire masiku awiri kuti aone ngati impso sizinavulale. Ndikuopa, alamu. Ine wofotokoza zonse uja, lero ndikungoyang'ana chifuwa chake ngati chikukwera.

Asanagone wandituma mawu awiri. Oyamba, mulembe. Achiwiri, akufunsa ngati n'zoona kuti kaseti yake munaidula ndi lezala. Mlandu umenewo mudzaukamba nokha.

Ine mlamu wanu.

20 Juni

Amake mwana,

Mwana wathu ali moyo. Lero akulemera kilogalamu imodzi ndi magalamu mazana anayi ndi makumi awiri.

Ndalakwa, ndipo ndikanakuphani. Kalata ya akulu anu yonena za pageti ndaiwerenga m'mawa uno nditaima pambali pa ambulansi, mpaka dalaivala wachita kundigwira. Yanu ya pa 12 ndinailandira. Ndinayamba kuyankha kanayi, kanayi konse ndinang'amba, chifukwa munafunsa nambala ndipo nambala imene ndinali nayo inali ziro. Masiku onsewa ndinkayesabe mobisa, tepi yomweyo, yankho lomwelo.

Tsopano nazi zonse. Kalata yawo yoyamba, yonena za nkhono, inafika dzulo. Nditaiwerenga ndinatenga kabuku n'kukaima pamaso pa Amagalasi ngati mwana wa sukulu. Anawerenga tsamba ndi tsamba, magalasi akutsetsereka. Kenako anati, “Bambo a wailesi, kakhumi ndi kawiri tsiku limodzi? Mwanayu munabwera naye kudzakonzetsa?” Anandikalipira mpaka amayi a m'chipindamo anaweramitsa mitu. Akuti tulo ndi chakudya chachiwiri cha mwanayu, ndipo ine ndakhala ndikumulanda. Ndinkadikira kuti andilozere khomo. M'malo mwake, nditawauza za lezala, anafunsa kuti, “Tepi yotsalayo ili kuti?”

Ndinailumikiza pabenchi n'kuiika m'kaseti ina imene inali m'chikwama. Tinadikira mpaka mwana atadzuka yekha nthawi ya mkaka itayandikira. Amagalasi anaima pa makina, ine ndinagwira karekoda. Tinayamba ndi masekondi khumi aja. 150, 151, 150. Palibe. Ndinayang'ana Amagalasi. Anati, “Sinthani.”

Ndinaika yotsalayo. Inayambira pomwe mukunena za chitseko cholira, kenako munatsokomola. Amake mwana, 146. 141. 139. Anatambasula zala za dzanja lamanzere, zonse zisanu, n'kukwinya pamphumi ngati munthu amene wamva miseche. Patapita kamphindi nambala inabwerera m'malo mwake. Amagalasi anazimitsa okha n'kuti, “Basi, zakwana.”

Ndinafunsa ngati ndiye kuti akumva. Anati ndi chizindikiro chabwino koma si chigamulo. Khutu limodzi likhoza kumva lina osamva, kapena akhoza kumva mawu ena n'kuphonya ena. Akafika makilogalamu awiri adzamuyeza ndi makina ake enieni a makutu. Kufikira pamenepo sitidziwa zonse. Kupuma akuiwalabe, dzana kawiri, dzulo kamodzi. Makina akangolira, ndimathamangira ku bokosi lake. Ndikulemba izi chifukwa munati ndisabise.

Karekoda alanda, akatsekera m'kabati mwawo. Aziyatsa okha kamodzi patsiku. Kabuku andisiyira, koma akuti ndizilembamo kulemera kokha.

Za lezala ndilibe chodzitetezera nacho. Kutsokomola kwanu ndinakuyesa phokoso.

Impso zili bwanji? Mundiyankhe, ngakhale ndi mawu otukwana.

Ine mwamuna wanu.

23 Juni

Bambo a mwana,

Moni. Kutukwana ndasunga, sikuola. Impso akuti zili bwino, ndipo bipi yatsika masiku atatu otsatizana. Adokotala asaina. Ndibwera Lachisanu pa ambulansi, chogona, akulu ali pambali panga.

Kalata yanu akulu andiwerengera kawiri, kachitatu ndawerenga ndekha. Ndaikhulupirira chifukwa muli zoipa.

Ndikuopa, ndisaname. Ndikuopa msewu. Ndikuopa kulowa m'chipinda cha mabokosi n'kusadziwa kuti wanga ndi uti. Mayi wotani wofunsa namwino kuti amulozere mwana wake? Mudzandidikire pakhomo, mudzatsogole osalankhula, ine ndidzatsatira ngati ndikudziwa kale njira.

Ndipo chinthu chimodzi. Ndikadzalowetsa dzanja m'bowomo n'kuyamba kulankhula naye, inu mudzaime pakati pa ine ndi makinawo, msana wanu utatchinga nambala. Isunthe, isasunthe, tsiku limenelo musadzandiuze. Ngati akumva, amve. Ngati sakumva, ndidzalankhulabe, ndipo za manja tidzaphunzira. Ndili ndi zambiri zoti ndimuuze, sindikufuna wondidula mawu.

Ine mkazi wanu.